A John Williams: wopeka nyimbo weniweni kapena katswiri wobwereka za anzake?

Kamphepo77:
Ndikupempha maganizo anu pa nkhani ya a John Williams, bambo wa ku America amene anapeka nyimbo za m'mafilimu a Jaws, Star Wars, E.T. ndi Jurassic Park. Paliponse pamene dzina lawo latchulidwa, anthu amawatama kuti palibe wina wofanana nawo ku Hollywood, ndipo amathamangira kunena kuti analandira mphoto ya Oscar kasanu. Koma ine nditayamba kumvetsera nyimbo za akatswiri akale a ku Ulaya, ndapeza kuti zambiri zimene timati ndi za a Williams zinalipo kale. Nyimbo yotsegulira Star Wars imafanana kwambiri ndi imene Erich Korngold anapekera filimu ya Kings Row mu 1942, ndipo mbali zina za filimu yomweyo zimamveka ngati The Planets ya Gustav Holst. Kodi munthu ameneyu tizimutcha wopeka nyimbo, kapena ndi telala wodziwa kulumikiza bwino zigamba za nsalu za anzake?

Tsabola:
Mlandu mwabwera nawowu ndi waukulu, a Kamphepo. Munthu wagwira ntchito zaka zoposa 60, ndipo inu mukumuweruza ndi mphindi ziwiri za nyimbo imodzi.

Mphunzitsi_Kasungu:
Tisanayambe kuweruza, ndi bwino tione kumene bamboyu anachokera, chifukwa ambiri amaganiza kuti anangotulukira mwadzidzidzi mu 1975. A Williams anabadwa pa 8 February 1932 ku New York, ndipo bambo awo, a Johnny Williams, anali woyimba ng'oma za jazz m'gulu la Raymond Scott. Banja lawo linasamukira ku Los Angeles mu 1948, kumene mnyamatayo anaphunzira kupeka nyimbo kwa Mario Castelnuovo-Tedesco, katswiri wochokera ku Italy. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 analowa usilikali wa ndege, ndipo ntchito yawo kumeneko inali yokonzera bandi ya asilikali nyimbo, kuyimba piyano ndi kutsogolera oyimba. Atatuluka usilikali anapita kusukulu ya Juilliard ku New York, kumene Rosina Lhévinne anawaphunzitsa piyano, pamene usiku ankayimba jazz m'malo azisangalalo kuti apeze ya ndiwo.

Chimene ndikufuna muchigwire ndi chimene chinatsatira. Atabwerera ku Los Angeles sanayambe ngati wopeka nyimbo wotchuka ayi, anayamba ngati woyimba piyano wolembedwa ntchito m'masitudiyo, wokhala pakati pa gulu n'kumayimba zimene ena alemba. Piyano imene imamveka m'nyimbo ya Peter Gunn ya Henry Mancini ndi zala zawo, ndipo anagwira ntchito pafupi ndi akuluakulu monga Alfred Newman, Franz Waxman ndi Bernard Herrmann. Kenaka anakhala zaka zambiri akupekera nyimbo mapulogalamu a pa TV monga Lost in Space, kumene sabata iliyonse pamafunika nyimbo zatsopano, kaya munthu ali ndi maganizo kapena alibe. Pamene Jaws imatuluka anali ndi zaka 43, atagwira kale ntchitoyi pafupifupi zaka 20. Choncho ngati nyimbo zawo zimamveka ngati za akale, n'chifukwa chakuti anaphunzira ntchitoyo ali pansi pa akalewo.

Kamphepo77:
Zikomo aphunzitsi, koma mbiri mwafotokozayi ikundithandiza ine. Mwaiwala kutchula kuti Oscar yawo yoyamba, ya filimu ya Fiddler on the Roof ya 1971, anailandira chifukwa chokonzanso nyimbo zimene Jerry Bock anapeka kale. Kodi si umboni umenewo wakuti luso lawo lenileni lili pokonza za ena?

Wapiyano_Leeds:
Pa za Fiddler on the Roof mwanena zoona, a Kamphepo, ndipo palibe amene amabisa zimenezo, popeza mphotoyo inali ya gawo la kukonzanso nyimbo. Koma pa za Star Wars pali chinthu china chokhudza kapangidwe ka filimu chimene ambiri sachidziwa. Filimu ikamalumikizidwa, nyimbo zake zenizeni zimakhala zisanalembedwe, choncho wotsogolera filimuyo amaikamo nyimbo zongogwirizira, zotenga pa malekodi amene alipo kale, kuti aone mmene zithunzi zikuyendera. Amazimvera miyezi ingapo mpaka makutu ake amazolowera, ndipo wopeka nyimbo akamafika amauzidwa kuti apange zatsopano koma zopereka mzimu womwewo. George Lucas, amene anatsogolera Star Wars, anaika nyimbo zakale za okestra m'filimu yake mwadala, chifukwa ankafuna kuti nkhani yochitikira m'maiko achilendo a mlengalenga ikhale ndi nyimbo zimene mtima wa woonera ukuzidziwa kale. A Williams anapatsidwa malire amenewo.

Tsopano funso labwino ndi lakuti, m'kati mwa malirewo anachitamo chiyani? Anapatsa anthu ndi malingaliro ofunika m'nkhanimo timanyimbo tawotawo, njira imene Richard Wagner anaigwiritsa ntchito kwambiri m'zaka za m'ma 1800, ndipo timanyimbo timeneti timasintha malinga ndi mmene nkhani ikuyendera. Mvetserani malo amene mnyamata Luke waima kunja kwa nyumba madzulo akuyang'ana madzuwa awiri akulowa. Palibe amene akulankhula. Lipenga limodzi lofatsa limayamba lokha, kenaka zoyimbira za zingwe zimalandira nyimboyo n'kuikweza, ndipo woonera amadziwa kuti mnyamatayu akulakalaka kuchoka pamudzi ngakhale sanatsegule pakamwa. Nyimbo yomweyo imadzamvekanso kumapeto kwa filimu ngati ya perete wa asilikali. Zimenezo mulibe mwa Holst kapena mwa Korngold. Ndipo anapitiriza ntchitoyo m'mafilimu 9 a nkhani imodzi, kuyambira 1977 mpaka 2019.

Tsabola:
Ndiponso Korngold amene mukumutchulayo sanagwe kumwamba. Iyenso anakulira ku Vienna akumvetsera Mahler ndi Richard Strauss.

Nyakwawa_Dedza:
Ine sindiwerenga manotsi, koma ndinene za Jaws, chifukwa pamenepo m'pamene ndinakhutira kuti bamboyu amaganiza. Shaki imene anapanga kuti igwiritsidwe ntchito m'filimuyo inali makina, ndipo makinawo ankawonongeka kawirikawiri m'madzi a m'nyanja, moti wotsogolera filimuyo, Steven Spielberg, anakakamizika kujambula mbali zambiri popanda kuonetsa chilombocho. Chimene chimatiuza kuti shaki yafika ndi manotsi awiri okha apansi, obwerezedwa pang'onopang'ono kenaka mofulumira. Spielberg mwini wake amafotokoza kuti a Williams atamuyimbira koyamba pa piyano, iye anaseka poganiza kuti ndi nthabwala.

Koma nzeru yeniyeni ili pa malo amene nyimboyo palibe. Pali pamene anyamata awiri akuopseza anthu osambira ndi chipsepse chabodza, ndipo anthu onse pagombe akuthawa akukuwa, koma nyimbo ya shaki siimveka, chifukwa shaki yeniyeni palibe. Woonera amaphunzira mosazindikira kuti nyimboyo sinama. Ndiye atakhulupirira zimenezo, pamene wapolisi wa m'filimuyo akutaya nyambo m'madzi ali m'boti, shaki imangotulukira popanda chenjezo la nyimbo, ndipo munthu umadumpha pampando. Kudziwa pokhala chete kotereku sungakubwereke kwa munthu ngati Wagner, amene anamwalira filimu za mawu zisanayambe n'komwe.

Kamphepo77:
Manotsi awiri amenewo amamvekanso kumayambiriro kwa gawo lomaliza la simfone ya nambala 9 ya Dvořák, a Nyakwawa.

Wapiyano_Leeds:
Amamvekadi kwa masekondi ochepa, kenaka Dvořák amapita kwina ndipo a Williams amapita kwina. Manotsi awiri oyandikana alibe mwini wake, achimwene.

Chiphaliwali:
Ndiloleni ndipatuke pang'ono. Ambiri a ife amene tinakulira m'matauni a kwathu kuno tinaonera mafilimu amenewa m'tinyumba ta vidiyo, ndipo masiku ano ambiri amaonera omasuliridwa m'Chichewa. Womasulirayo amalankhula kuyambira poyamba mpaka pomaliza, amafotokoza, amaseka, amalangiza anthu a m'filimu, ndipo kuti mawu ake amveke amatsitsa mawu a filimuyo. Ine ndinaonera Jurassic Park koyamba pamalo ena otere, sipika imodzi yong'ambika itakolekedwa pakhoma, ana atakhala pansi kutsogolo. Ndinatuluka ndikudziwa nkhani yonse koma nyimbo sindinamve ndi imodzi yomwe. Nditadzaoneranso ndi mahedifoni ndili wamkulu, malo amene anthu aja akuona chinyama chachitali khosi koyamba anandikhudza mosiyana kwambiri, chifukwa nyimbo ya pamenepo si yoopseza ayi, imayenda mwaulemu ngati nyimbo ya m'tchalitchi. Choncho ndikuganiza kuti ambiri mwa anthu athu amawadziwa mafilimu a Spielberg koma a Williams sanawamvepo.

Tsabola:
Musawanyoze omasulirawo, a Chiphaliwali. Popanda iwo agogo anga sakanadziwa chimene chikuchitika pa kanema.

Chiphaliwali:
Sindikuwanyoza ayi, ntchito yawo ndi yofunika. Ndikungonena kuti pamene wopeka nyimbo anasiya dala malo opanda mawu, womasulira amaona ngati ndi mpata woti alankhulepo.

MayiWaKwaya:
Tibwerere kwa mwini nkhani, chifukwa mpaka pano mwakamba za kupeka kokha, pamene theka lina la moyo wa bamboyu ndi kutsogolera oyimba. Ine ndimatsogolera kwaya ya kumpingo kwathu, ndipo ndimadziwa kuti anthu amaona ngati woyima kutsogolo amangogwedeza manja. Ntchito yake ndi kupuma limodzi ndi oyimba, kudziwa pamene atope, pamene athamange, ndi kuwabweza popanda omvera kuzindikira. Tsono pojambula nyimbo za filimu vutoli limakula, chifukwa kumbuyo kwa okestra kumakhala kanema wamkulu, ndipo nyimbo iyenera kugwirizana ndi chithunzi pa sekondi yeniyeni. Kuyambira nthawi ya Alfred Newman, pa chithunzicho pamadutsa mzere wochokera kumanzere kupita kumanja, ndipo ukafika kumapeto m'pamene ndodo ya wotsogolera iyenera kutsika.

Nkhani imene imandisangalatsa ndi ya E.T. mu 1982. Gawo lomaliza la filimuyo, kuyambira pamene ana akuthawa pa njinga mpaka potsanzikana, lili ndi nyimbo yosadukiza ya mphindi pafupifupi 15. A Williams anayesa kangapo kuti ayigwirizanitse ndi zithunzi, koma akagwira malo onse molondola nyimboyo imamveka youma. Spielberg anawauza kuti kanema azimitsidwe, atsogolere okestra mmene mtima wawo ukufunira, ndipo iye anakonzanso zithunzi kuti zitsatire nyimbo. Nthawi zambiri ku Hollywood nyimbo ndiyo imadulidwa kuti ikwane pa chithunzi, choncho wotsogolera filimu akagonja chotere ndiye kuti wazindikira kuti chimene chikunyamula nkhani pamenepo ndi nyimbo.

Mphunzitsi_Kasungu:
Mayi mwakhudza mfundo yofunika, ndipo ndiwonjezere za ku Boston. Arthur Fiedler, amene anatsogolera okestra ya Boston Pops pafupifupi zaka 50, anamwalira mu 1979, ndipo a Williams analowa m'malo mwake mu 1980. Sizinali zophweka. Oyimba ena a nyimbo za okestra ankaona nyimbo za m'mafilimu ngati zamalonda chabe, ndipo mu 1984, oyimba ena atachita mwano pokonzekera nyimbo ina imene iwo anapeka, a Williams anatula pansi udindo. Anabwerera atapepesedwa, ndipo anakhala mpaka 1993. Chaka chomwecho cha 1984 m'pamene anapeka nyimbo ya malipenga ya masewera a Olympic a ku Los Angeles, ndipo anadzapekeranso masewera a 1988, 1996 ndi 2002.

Ndikutchula zimenezi chifukwa kunyoza kumene a Kamphepo abwera nako si kwatsopano, kunayambira kwa oyimba enieniwo. Koma onani mmene zinathera. Mu January 2020, ali ndi zaka 87, anaitanidwa kukatsogolera Vienna Philharmonic pa nyimbo zawo zomwe, ndipo mu October 2021 anachita chimodzimodzi ndi Berlin Philharmonic. Magulu awiri amenewa ndi amene amasunga mwambo wa Brahms ndi Mahler, ndipo oyimba ake amaidziwa The Planets kuposa tonsefe pagulu pano.

Kamphepo77:
Kuitanidwa ku Vienna kungathenso kukhala nkhani ya matikiti, aphunzitsi, popeza dzina la Star Wars limadzaza holo. Ndipo ndili ndi dandaulo lina. Kodi kutchuka konseku si mwayi wokumana ndi Spielberg mu nthawi yabwino? Jerry Goldsmith, wopeka nyimbo za m'mafilimu mnzawo, amene ine ndimamuona kuti anali wolimba mtima poyesa zinthu zatsopano, analandira Oscar imodzi yokha, ya The Omen ya 1976, mpaka anamwalira mu 2004. Nyimbo zake za Planet of the Apes ndi Chinatown sizifanana ndi za wina aliyense. Kusiyana kwake n'kwakuti mafilimu ambiri amene Goldsmith anapatsidwa sanapange ndalama ngati a Spielberg ndi Lucas.

Nyakwawa_Dedza:
Apa ndiye ndikugwirizana nanu pang'ono. Goldsmith sanalandire ulemu womuyenera.

Wapiyano_Leeds:
Za Goldsmith sinditsutsa, ndipo mwayi ulipodi. Spielberg anali mnyamata wa zaka za m'ma 20 pamene anawapempha kuti apeke nyimbo za The Sugarland Express ya 1974, ndipo ndi Spielberg yemweyo amene anawatchula kwa Lucas. Koma mwayi umakulowetsa pakhomo kamodzi, pamene awiriwa agwira ntchito limodzi zaka pafupifupi 50, mpaka The Fabelmans ya 2022. Mafilimu a Spielberg amene alibe nyimbo za a Williams ndi owerengeka, monga The Color Purple imene anapekera Quincy Jones, Bridge of Spies ya Thomas Newman ndi Ready Player One ya Alan Silvestri.

Pa za kulimba mtima, a Kamphepo, ndikuganiza kuti mwamvetsera nyimbo za malipenga zokha. Funani Images, filimu ya Robert Altman ya 1972, mumve mmene zoyimbira zomenya zikulirira mosokoneza mutu ngati maganizo a munthu wodwala. Mvetserani Close Encounters of the Third Kind, imene inatuluka chaka chimodzi ndi Star Wars, mmene imayambira ndi phokoso lopanda nyimbo yodziwika, n'kumayera pang'onopang'ono mpaka manotsi asanu amene anthu amalankhulirana nawo ndi alendo a mlengalenga. Catch Me If You Can ya 2002 ndi jazz ya ubwana wawo. Ndipo kunja kwa mafilimu anapeka nyimbo zazitali za okestra zimene sizifuna kukondweretsa aliyense. Mkazi wawo woyamba, Barbara Ruick, amene anali wochita zisudzo, anamwalira mwadzidzidzi mu 1974, ndipo nyimbo ya vayolini ndi okestra imene anailemba pomukumbukira ndi yolemera, yovuta kuimvetsera, yosiyana kotheratu ndi nyimbo zawo za filimu ya Superman. Anadzapekeranso Yo-Yo Ma nyimbo ya cello mu 1994 ndi Anne-Sophie Mutter ina ya vayolini mu 2021.

Tsabola:
Ndipo mphoto za Oscar zimene mukuwerengazo zinaleka kubwera mu 1994. Kuyambira pamenepo akhala akusankhidwa kupikisana nawo kambirimbiri osapambana, mpaka chiwerengero chafika pa 54, ndipo amene amawaposa ndi Walt Disney yekha. Pomaliza anasankhidwa ali ndi zaka 91.

MayiWaKwaya:
Oscar ya 1994 imeneyo inali ya Schindler's List, ndipo ndikufuna a Kamphepo aiganizire. Chaka chimodzi chomwecho cha 1993 munthu mmodzi anapeka Jurassic Park ndi nyimbo ya filimu yonena za kuphedwa kwa Ayuda. A Williams amasimba okha kuti ataonera filimuyo koyamba anauza Spielberg kuti ikufunika wopeka nyimbo woposa iwo, ndipo Spielberg anayankha kuti akudziwa, koma onsewo anamwalira. Chimene analemba ndi kanyimbo kophweka kamene Itzhak Perlman anakayimba pa vayolini, kopanda malipenga, kopanda ng'oma, kotsamira pa kayimbidwe ka Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya kamene iwo anakaphunzira mozama pokonza Fiddler on the Roof. Choncho ntchito ija mukuitcha yongokonza za ena ndi imene inawakonzekeretsa kupeka nyimbo iyi patapita zaka 22.

Chiphaliwali:
Palinso Amistad ya 1997, yonena za anthu a mtundu wa Mende amene anaukira m'sitima ya akapolo mu 1839. Nyimbo ya kwaya ya m'filimuyo mawu ake anachokera m'ndakatulo ya Bernard Dadié wa ku Côte d'Ivoire, yoyimbidwa m'chinenero cha Mende. Kunena zoona ine siimandigwira ngati ya Schindler's List, imamveka ngati Africa woganiziridwa ndi munthu ali ku Los Angeles.

MayiWaKwaya:
Pamenepo ndikuvomereza. Kwaya ya kuno ikanaipatsa kuyankhana kwa wotsogolera ndi gulu kumene kulibe m'menemo.

Nyakwawa_Dedza:
Ndifunse chinthu chimodzi kwa odziwa. Ndinamva kuti opeka nyimbo a ku Hollywood salemba okha zonse, amakhala ndi anthu owathandiza. Kodi a Williams nawonso ndi choncho?

Wapiyano_Leeds:
Owathandiza alipo, ndipo kwa zaka zambiri anali Herbert Spencer, chifukwa nthawi yopeka nyimbo za filimu imakhala masabata ochepa pamene nyimbo zofunika zimaposa ola lathunthu. Koma zimatengera chimene wothandizayo wapatsidwa. Ena amangopereka kanyimbo ndi makodi, n'kusiyira gulu la achinyamata pa makompyuta kuti limalize. A Williams amalemba ndi pensulo pa pepala ali pa piyano, ndipo pepala lawo limakhala ndi mizere ingapo yosonyeza kale kuti notsi iyi ndi ya chitoliro, iyi ndi ya lipenga, iyi ndi ya zeze wamkulu. Wothandiza amangoyala zimenezo pa pepala lalikulu la okestra yonse. N'chifukwa chake kusankha celesta, kachoyimbira kolira ngati timabelu, kuti katsegule nyimbo ya Harry Potter mu 2001 sikunali kwa munthu wina.

Kamphepo77:
Ndamva zonse, ndipo za Jaws ndi E.T. ndazilandira, popeza pamenepo nyimbo ikugwira ntchito imene chithunzi sichikanatha kuigwira chokha. Images sindinaimvepo, ndiifuna. Koma pa nyimbo yotsegulira Star Wars sindinasunthike, chifukwa kufotokoza kuti Lucas ndiye anapempha sikuchotsa kufanana kwake ndi Korngold, kumangotiuza amene anayambitsa. Ndipo bungwe la American Film Institute litasankha mu 2005 nyimbo za Star Wars kukhala zopambana m'mbiri ya mafilimu a ku America, linasankha ntchito imene ine ndikuiona kuti ndi yobwereka kwambiri mwa zonse zimene bamboyu anapeka.

Mphunzitsi_Kasungu:
Muiganizirenso nthawi imene inatulukira, a Kamphepo. M'zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa 1970, makampani ambiri a mafilimu anali atathetsa maokestra awo okhazikika, ndipo ankakonda kuika nyimbo za pop zoti zikagulitsidwe pa malekodi. Nyimbo za Star Wars zinajambulidwa ndi London Symphony Orchestra mu March 1977, ndipo lekodi yake itagulidwa kwambiri, opanga mafilimu anayambiranso kulipira okestra yathunthu. Opeka nyimbo amene anabwera pambuyo, monga James Horner ndi Alan Silvestri, anapeza khomo limenelo lili lotsegula.

Wapiyano_Leeds:
Ngati mukufuna kuyesa mwachilungamo, siyani nyimbo yotsegulirayo mumvetsere The Empire Strikes Back, filimu yachiwiri ya Star Wars ya 1980, pamene panalibenso wowakayikira ndipo anali ndi ufulu wochuluka. Yambani ndi malo amene chombo chikuthawa pakati pa miyala ya mlengalenga, kenaka nyimbo ya Yoda, ndipo mudzatiuze kuti zimenezo anazitenga kwa ndani.